Mbuzi timanenerera, nanga dishi ndi bando bwanji?

 Lero ndikamba za ndalama imene timalipira mwezi ndi mwezi kuti tionere kanema wa pa dishi ndi kugula bando ya intaneti. Maganizo anga ndi akuti ndalama imeneyi ndi yonenerera ndithu, ndipo munthu wolipira osatsegula pakamwa akudzibera yekha.

Taonani mmene timachitira pa malonda ena onse. Venda akafika ndi sikelo yake pa Mponela kapena pa Madisi, amayamba n'kunyoza soya wathu. Akuti ndi wonyowa, akuti ali ndi zinyalala, mpaka mtengo utsike. Ifenso tikapita kukagula mbuzi timaiyang'ana mano, kuigwira msana, kunamizira kuchoka, mwini wake n'kutiitana kuti bwerani tikambirane. Ngakhale wa kabaza timamunenerera. Koma uthenga ukangolowa pa foni kuti kanema wanu watha, timathamangira kwa ejenti, kulipira yonse, n'kunenanso zikomo. Pa zinthu zonse zimene timagula, n'chifukwa chiyani ziwiri zokhazi timaziopa ngati msonkho?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, aliyense aike ake. Tinene kuti pakhomo mumalipira K25,000 ya kanema pamwezi, ndipo mabando a bambo, mayi ndi mwana wa ku sekondale amakwana K15,000. Pamodzi ndi K40,000. Pa chaka ndi K480,000. Tsopano funsani mtengo wa thumba la feteleza pa sitolo imene muli nayo pafupi, mugawe, muone kuti ndi matumba angati amene akukwera pamwamba pa denga. Mutangodula gawo limodzi mwa magawo anayi, mwapulumutsa K120,000. Ndalama imeneyo siimveka kuwawa chifukwa imachoka pang'onopang'ono, ngati nankafumbwe m'nkhokwe. Umadzazindikira mu Januwale, chimanga chikuchita chikasu m'munda, iwe ulibe ya feteleza wobereketsa.

Sindikunena kuti tichotse madishi, ayi. Inenso mpira ndimaukonda, nkhani ndimaonera, adzukulu akabwera ku holide amafuna zidole zawo. Intaneti nayo ndi khasu masiku ano. Mtengo wa soya ku Lilongwe timaumva pa WhatsApp, alangizi amatumiza mauthenga pomwepo, maliro timamva pomwepo. Chimene ndikukana n'kulipira mtengo wa ng'ombe pogula mbuzi.

Ena mundiuza kuti, "Inu achimwene, mtengo wa kampani ndi wolembedwa, suli ngati wa tomato." Pamenepo mukunena zoona, koma theka. Mtsikana woyankha foni ku kampani sangafufute mtengo wolembedwa, ndipo ejenti wa pa sitolo ndiye alibiretu mphamvu, iye amangodya kakomishoni. Mitengo ya mafoni ndi intaneti imadutsanso ku bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani amenewa. Komanso makampani ali ndi madandaulo awo enieni. Zithunzi za mpira wa ku England amagula ndi ndalama yakunja, zida za pa nsanja za netiweki amaitanitsa kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iwonso anapsa ngati mmene tinapsera ife pa feteleza. Pamwamba pake boma limadula msonkho pa bando iliyonse, ndipo kuyambira 2015 pali msonkho wina wa 10 peresenti pa mauthenga ndi intaneti. Zonsezi ndikuzidziwa.

Koma mtengo wolembedwa ndi china, ndalama yochoka m'thumba mwanu ndi chinanso. Chimene mungachinenerere ndi ichi: mugula chiyani, mugula liti, mugula kwa ndani, ndipo akuonjezerani chiyani kuti musachoke. Pa zinayi zimenezi mphamvu ili ndi inu.

Ndipo musaganize kuti makampani sadziwa kunenerera. Mukukumbukira 2023? A MultiChoice atasemphana ndi a MACRA pa nkhani yokweza mitengo ya DStv, nkhani inalowa m'khoti, ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho kampani inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi. Inadzabwerera mu Disembala khoti litagamula. Sindikuweruza kuti wolakwa anali ndani. Ndikungoti taonani chida chimene anthu ophunzira, ovala mataye, anagwiritsa ntchito: "Ngati simukufuna mtengo wathu, ife tikupita." N'chida chomwe chija cha pa msika wa mbuzi. Ngati kampani ikhoza kuuza dziko lonse mawu amenewa, inu mukuchitiranji manyazi kuuza kampani?

Ubwino wake, ambiri a ife tilibe pangano lomangika ndi kampani iliyonse. Timalipiriratu mwezi umodzi, ukatha watha. Palibe amene adzabwere kudzalanda mbuzi chifukwa mwadumpha mwezi. Apa ndiye pali mphamvu yathu yonse, koma ambiri sitiiona.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndimachitira ine, mwina wina zimuthandiza.

Choyamba, dziwani chimene mumaonera. Ine ndinapatsa mdzukulu wanga kope ndi pensulo kuti kwa sabata imodzi azilemba tchanelo iliyonse imene yatsegulidwa pakhomo. Sabata itatha tinapeza matchanelo asanu ndi awiri basi: awiri a mpira, atatu a konkuno, imodzi ya mafilimu imene amakonda mayi a kunyumba, ndi ya zidole. Pakeji imene tinali nayo inali ndi matchanelo ochuluka zedi, ena olankhula zilankhulo zimene palibe amazimva m'mudzi muno. Kope limenelo ndiye sikelo yanu. Musapite kokambirana mtengo mulibe sikelo.

Chachiwiri, dziwani mtengo wa ena. Pa dishi ndi pa mlongoti pali DStv, GOtv, Azam, Zuku, komanso Kiliye Kiliye wokhala ndi matchanelo a konkuno kumene netiweki yake imafika. Pa intaneti pali Airtel, TNM ndi ena. Tsiku la msika zungulirani kwa maejenti, funsani mtengo wa pakeji iliyonse ndi zimene zilimo, mulembe. Funsaninso mtengo wa dikoda, chifukwa kusamuka kuli ndi mtengo wakenso. Ngati dikoda yatsopano ikudya phindu la miyezi khumi, kusamukako n'kwachabe. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, yang'anani kalendala ya kumunda pamodzi ndi ya mpira. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Juni ndi Julaye kulibe ligi, koma ndi miyezi imene timakhala ndi ndalama za zokolola, ndiye timalipira pakeji yaikulu mosaganiza, kuonera mpira wobwereza. Disembala mpaka Febuluwale timakhala kumunda kuyambira mbandakucha, kupalira, kubandira, kuthira feteleza. Madzulo munthu umangodya n'kugona. Kukachita mitambo sola sadzaza batire, mvula ikalimba dishi imadula. Ndiye mukulipira masiku 30 kuti muonere masiku angati? Ine miyezi imeneyo ndimatsika pa pakeji yaing'ono, mwezi wina osalipira n'komwe. Mpira wa Bullets ndi Manoma ndimamvera pa wailesi ngati kale, ndipo chigoli chimakoma chimodzimodzi.

Chachinayi ndiko kuimba foni. Musaimbe mutalipira kale, palibe amanenerera mbuzi ili kale pa njinga. Imbani kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe, kapena utatha kumene. Khalani ndi nambala ya dikoda pafupi, kope lanu lija, ndi foni yotchaja bwino, chifukwa amakuimbitsani nyimbo nthawi yaitali. Chaka chatha ndinaimbira kampani imene ndimalipirako, dzina sinditchula. Anayankha mtsikana waulemu wake. Titapatsana moni ndinati:

"Mayi, ine ndakhala ndikulipira kwa inu zaka zinayi. Ndine mlimi, ndalama yanga imabwera kamodzi pachaka. Pakhomo timaonera matchanelo asanu ndi awiri okha. Mtengo wa pakeji iyi sindiukwanitsanso, ndipo anzanu ena ali ndi yotsikirapo. Musanandilole kupita, pali chimene mungandichitire?"

Iye anati, "Pepani bambo, mtengo sitingasinthe, ndi womwewo kwa aliyense."

Ine ndinati, "Ndamva mayi, sindikukukakamizani. Nanga pakeji yotsika mtengo imene ili ndi matchanelo awa ndi iti? Ndipo pali promoshoni iliyonse mwezi uno imene sindikuidziwa?"

Apo anayamba kuyang'ana pa kompyuta yake. Anapeza kuti asanu mwa matchanelo athu aja ali m'pakeji yapansi. Awiri a mpira ndiwo munalibe. Ndinamuthokoza, ndinati ndiganiza kaye, ndipo mwezi umenewo sindinalipire. Patapita masabata atatu uthenga unalowa wochokera kwa iwo omwe: lipirani pakeji yapansi, tikupatsani yapamwamba pake kwa mwezi umodzi. Mtengo wolembedwa sunasinthe ngakhale ndi tambala, koma ndalama yochoka m'thumba mwanga inatsika. Sindikulonjeza kuti aliyense adzalandira uthenga ngati umenewo. Nthawi ina ndinadikira mwezi wathunthu osalandira kanthu. Koma ngakhale pamenepo ndalama ya mwezi umenewo inatsala m'nyumba, inagula mankhwala othira m'chimanga.

Pa kuimba foniku ndili ndi mapempho atatu. Musatukwane woyankha foni. Ndi mwana wa munthu, mwina wa m'mudzi ngati uno, mitengo saika ndi iye. Ukamulemekeza amakufufuzira, ukamukalipira amangokuwerengera zolembedwa. Musaname kuti mukuchoka pamene simungathe kukhala sabata osaonera. Kompyuta yawo imaonetsa mmene mumalipirira, amadziwa amene amabwerera tsiku lomwelo. Ndipo akakulonjezani kanthu, funsani dzina lake, funsani kuti promoshoniyo itha liti ndipo ikatha muzilipira zingati, n'kupempha kuti akutumizireni uthenga. Lonjezo la pakamwa pa foni lili ngati la venda woti adzabwera mawa ndi ndalama yotsala.

Tibwere ku bando. Kuno ndiye ndalama imathera mwakachetechete. Ambiri timagula ya tsiku limodzi chifukwa ndi imene tili nayo m'thumba. Koma tawerengani: K500 tsiku lililonse, pa mwezi ndi K15,000. Funsani kuti K15,000 yomweyo ikugulirani yochuluka bwanji mutagula ya mwezi kamodzi. Nthawi zambiri ya mwezi imaposa. Zili ngati mchere: wa pa kasupuni ndi wodula kuposa wa paketi. Ndikudziwa kuti si aliyense angapeze K15,000 pakamodzi mu Febuluwale. Ndiye nthawi yokolola, kapena tsiku logawana ku banki mkhonde, ndi pamene muyenera kuganiza zimenezi, osati kudikira njala.

Zina ndi zazing'ono koma zimadya. Bando ikatha data ili yotsegula, foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsi pa mtengo wokwera, ndiye muzitseka. Pa WhatsApp uzani mwana akutsekereni zoti mavidiyo azidzitsitsa okha. Magulu ena aja, la mpingo, la mudzi, la anzathu a ku pulayimale, amatumiza vidiyo imodzi yomweyo katatu, inu n'kulipira katatu. Mayunitsi okongola amabwezedwa ndi kachiwongola dzanja, ndi katapila wamng'ono ameneyo. Muonenso ngati pali nyimbo zoitanira kapena mauthenga a mpira amene amakudulani tsiku ndi tsiku. Imbani, funsani kuti, "Pa nambala yangayi pali chiyani chimene chimadula ndalama chokha?" Akakuuzani, nenani achotse. Pomaliza, foni zambiri zili ndi malo a makadi awiri. Khalani ndi onse awiri, muzigula kumene kwatsika sabata imeneyo ndi kumene netiweki ikugwira pakhomo panu. Kampani si mkazi wako kuti ulumbire kukhala nayo mpaka imfa.

Chenjezo limodzi lalikulu. Akuba nawonso amadziwa kuti tikufuna zotchipa. Munthu akakuimbirani kuti ndi wa ku kampani, akutsitsirani mtengo kapena mwapambana mphoto, koma mutumize kaye ndalama ku nambala yake kapena mumuuze nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, dulani foni. Imbani nokha pa nambala yodziwika ya kampani, kapena pitani kwa ejenti amene mumamudziwa nkhope. Ndi bwino kulipira mtengo wonse kusiyana n'kupereka ndalama ya soya kwa munthu amene simudzamuona.

Tsopano za kuchitira limodzi. Munthu mmodzi wogula bando ya K500 kampani siimuwerengera. Koma kalabu ya alimi, sukulu, mpingo kapena kopaletivi ikafuna rauta yolipira mwezi ndi mwezi, amatumiza munthu wa malonda kudzakamba nanu, ndipo pamenepo mukhoza kufunsa zambiri: rauta pa mtengo wotsika, masiku oyesera kaye ngati netiweki ikugwira, data yoonjezera. Itanani makampani awiri, aliyense adziwe kuti mnzake wabweranso. Mmene timachitira pogulitsa mtedza pagulu kuti venda asatidyere, tichitenso pogula. Ngakhale nyumba zitatu zoyandikana zikhoza kusonkherana rauta imodzi m'malo moti aliyense azigula yakeyake, bola mugwirizane poyamba tsiku losonkha ndi zoti ana asamathere data pa mafilimu. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo mawu a anthu ambiri amagwira ntchito, tinaona ndi maso. Mu 2020 achinyamata anachita phokoso pa Facebook ndi malo ena kuti mtengo wa data utsike, nduna ya zofalitsa nkhani ya nthawi imeneyo, a Gospel Kazako, nawonso analankhulapo, ndipo makampani a mafoni anatsitsa mitengo ina. Anthu aja akanangokhala chete n'kumati mtengo ndi wolembedwa, palibe chikanasintha. Ngati mwadulidwa ndalama mosayenera, yambani mwadandaula ku kampani komweko, musunge mauthenga ndi tsiku limene munaimba. Zikakanika, kuli MACRA, kuli bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC, kulinso CAMA yoimira anthu ogula. Mabungwe amenewa si a anthu a m'tauni okha.

Ndimalize ndi inu abale a m'tauni ndi a ku Joni, chifukwa madishi ambiri m'mudzi muno mumalipira ndinu. Tikuthokoza, Mulungu akudalitseni. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musanalipire, imbani mufunse. Alipo agogo ena kuno amene mwana wawo amawalipirira pakeji yaikulu mwezi uliwonse osaphonya, pamene iwo amaonera nkhani za madzulo ndi mapemphero a Lamulungu basi. Batire lawo linafooka kalekale, kanema amazima ola lisanathe. Chaka chino munda wawo wa ekala imodzi unalandira thumba limodzi lokha la feteleza. Iwo sanganene, akuopa kuoneka osayamika. Mwanayo naye akuganiza kuti akusamala kholo. Onse awiri ndi a mtima wabwino, koma phindu likupita kwina. Mukanatsitsa pakeji, yotsalayo n'kumaisunga mpaka Okutobala, ikanasanduka feteleza, kapena batire latsopano loti kanemayo aoneke n'komwe.

Inunso kwanuko mabilu akukupanani, tikudziwa. Lendi, madzi, magetsi, fizi, kenako ife akumudzi tikuimba kuti kuno kwavuta. Inu ndiye muli ndi mwayi woposa ife, chifukwa maofesi a makampaniwa muli nawo pafupi, netiweki zonse zimagwira, ndipo amene muli ndi intaneti ya m'nyumba yolipira pamwezi ndinu makasitomala amene kampani safuna kutaya. Lowani mu ofesi, khalani pampando, funsani. Mukapulumutsako kanthu, ife sitikana.

Kwa anzanga a pamudzi, pempho langa ndi ili. Sabata ino aliyense alembe ndalama imene wawononga pa kanema ndi pa bando mwezi wathawu, osabisa, kuphatikizapo ya ana. Loweruka tikamakumana ku kalabu mubwere ndi mapepalawo. Amene mupite ku msika Lachitatu mutifunsireko mitengo kwa maejenti onse, tidzaike pamodzi tione amene akulipira zambiri pa chinthu chomwecho. Tikapezeka okwana khumi ofuna rauta, ine ndidzaimba foni pamaso panu, mayunitsi ake ndi anga.

 Amene simunayanike soya wanu bwino yanikani, mavenda ayamba kale kuzungulira.